Lendi Ikudya Malipilo: Kodi Ndalama ya NAPSA Ingakuthandizeni pa Ploti Muli ndi Zaka Zingati?

Pa 28 malipilo alowa, pa 29 ba landilodi agogoda kale pa chitseko. Ku Bwacha, ku Ngungu, ku Chimanimani, nkhani ni imodzi: mwezi ukatha, yoyamba kuchoka m'thumba ni lendi, ndipo nyumba ikhalabe ya mwini wake. Makolo athu ambili anapeza nyumba mu 1996, pamene boma la ba Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za khansolo kwa amene anali kukhalamo. Manje wachinyamata wa lelo adzayamba yekha, kuchokela pa ploti mpaka pa malata. Funso ni lakuti, ndalama yoyambila ichokela kuti, ndipo muli ndi zaka zingati?

Ku United Kingdom boma linatsegula akaunti yochedwa Lifetime ISA mu 2017, yothandiza ofuna kugula nyumba yoyamba. Munthu asunga mpaka £4,000 pa chaka, boma limuonjezela 25 pelesenti. Koma aitsegula chabe ngati ali ndi zaka 18 mpaka 39. Akafika 40 asanatsegule, basi, chitseko chatsekedwa.

Kuno kwathu thumba limene anchito ambili ayang'anako ni la NAPSA, ndipo zaka ziwelengedwa mosiyana. Mu April 2023 ba Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola membala kutapako 20 pelesenti ya ndalama zake asanapume pa nchito. Njila ni ziwili. Yoyamba, mukhale kuti mwasonkha miyezi 60, kutanthauza zaka zisanu. Yachiwili, mukhale kuti mwakwanitsa zaka 45, olo miyezi yanu siinafike 60. Ndipo mvetsetsani apa: mutapa kamodzi chabe pa moyo wanu wonse.

Ndiye kuti wachichepele safunika kudikila imvi. Mtsikana amene wamaliza pa Mulungushi University n'kulowa nchito ali ndi zaka 23, pofika 28 ayenela kale. Mnyamata wa mu shopu mu tauni amene anayamba ali ndi 20, pa 25 afika. Koma miyezi imene iwelengedwa ni yokhayo imene ndalama inafikadi ku NAPSA. Lamulo likuti 5 pelesenti ichoke pa malipilo anu, abwana aikepo 5 pelesenti ina. Ngati pa peyisilipi adula koma sanatumize, mwezi uja kulibe. Lowani pa webusaiti ya NAPSA pa foni, kapena pitani ku ofesi ndi NRC yanu, muone sitetimenti. Osayembekeza zaka zisanu kuti mukadabwe pa kauntala.

Ife a mu Kabwe tidziwa bwino kuti nchito imatha. Mgodi unatsekedwa mu 1994, Mulungushi Textiles inaima mu 2007, mabanja ambili anatsala manja lende. Ubwino wake, miyezi imene mwasonkha siitayika mukachoka pa kampani. Nambala yanu ni imodzi, mukalowa kwina muipeleka yomweyo, kuwelenga kupitiliza.

Manje tiyeni tichite masamu, kuti tisanamizane. Tinene kuti mulandila K4,000 pa mwezi. Yanu ndi ya abwana pamodzi ni K400. Pa miyezi 60 ni K24,000, ndipo 20 pelesenti yake ni K4,800, kuonjezapo kachiongoladzanja. Iyi si ndalama ya nyumba, mwandi. Ni yoonjezela pa imene mwasunga kale ku chilimba kapena ku banki: yomalizila kulipila ploti, yogulila simenti ya silabu, kapena mabuloko oyamba. Mukadikila zaka khumi, thumba likula ndipo 20 pelesenti ikula nayo. Mukatapa lelo n'kugula foni yatsopano ndi sofa, mwai uja wapita, ndipo penshoni ya ku ukalamba nayo yachepako.

Nanga amene afika 45? Kwa iwo NAPSA yatseguka, koma kwina nthawi ikuthamanga. Obweleketsa ndalama za nyumba, monga Zambia National Building Society ndi mabanki, afuna ngongole ithe munthu asanapume pa nchito. Zaka zopumila masiku ano ni 55 kwa ofulumila, 60 kwa ambili, ndi 65 kwa ochedwa. Wa zaka 30 ali ndi nthawi yaitali yobwezela pang'onopang'ono. Wa 47 apatsidwa zaka zochepa, choncho ya pa mwezi ikwela. Ndiye chifukwa ambili pa msinkhu uwu asankha kumanga okha, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa.

Ndalama ikatuluka, chenjelani ndi ogulitsa ploti a pa msewu, aja okuonetsani thengo ndi chala ati "apa ni panu, mapepala tizakonza." Malo a boma adutsa ku khansolo, ndipo kalata ya ofa ichokela kwa Commissioner of Lands. Ngati mugula kwa munthu, onani taito, mufufuze ku unduna wa malo ngati dzina lili pamenepo ni lake. Chinanso cha kuno kwathu: dothi la kufupi ndi mgodi wakale, ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, lili ndi mtovu umene uononga thanzi la ana. Ploti ikachipa kwambili kumeneko, ganizilaninso ana amene adzasewela pa bwalo.

Sabata ino chitani chimodzi chabe: onani kuti muli ndi miyezi ingati. Ngati ni 41, yatsala 19, ndipo mudziwa kale mwezi umene mudzayenela. Yambani chilimba cha ploti lelo, kuti tsiku limenelo 20 pelesenti ikapeze inzake ili kale m'thumba.