Ulendo wa pa Ndege Kuchokera ku London Kufika ku Johannesburg

Anzathu ena amene amakonda masamu amayesa kuti kupeza nthawi ya ulendo wa pa ndege nkosavuta: ungotenga mtunda ndi kuugawa ndi liwiro la ndege. Masamuwo ngoona, koma sanena zonse. Tiyeni tione ulendo wa pakati pa London, ku Mangalande, ndi Johannesburg, mzinda umene makolo athu amautcha Joni.

Mtunda wolunjika pakati pa mizinda iwiriyi uli ngati mamailosi 5,600, ndiye kuti makilomita 9,000. Ndege zazikulu za masiku ano zimathamanga pafupifupi mamailosi 550 pa ola. Mukagawa mupeza maola 10 ndi pang'ono. Onjezerani nthawi yokwera kumwamba ndi yotsika, pamene ndege imayenda pang'onopang'ono, ndipo mufika pa maola 11, amene ndiwo amalembedwa pa tikiti.

Tsopano tibwerere m'mbuyo. Pa 2 May 1952 ndege yotchedwa Comet, ya kampani ya BOAC, inanyamuka ku London ndi anthu 36. Iyi inali ndege yoyamba ya injini za jeti kunyamula anthu olipira. Inafika ku Johannesburg patapita maola 23 ndi mphindi 40. Kodi inali yaulesi? Iyayi! Inkathamanga mamailosi oposa 450 pa ola, liwiro losasiyana kwambiri ndi la lero. Chimene chinaichedwetsa ndi mafuta. Mathanki ake anali aang'ono, kotero inayenera kutera kasanu: ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe, ndi ku Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya m'dziko limene lero ndi Zambia. Tayang'anani Beirut pa mapu, muone m'mene njira inakhotera kum'mawa. Kukhota kotereku kunatalikitsa ulendo ndi mamailosi oposa 1,000. Ndiponso paliponse potera ndege inayenera kutsika, kuima kuti aithire mafuta, ndi kukweranso. Ife tiganiza kuti ulemu wofupikitsa ulendowu uyenera kupita kwa amisiri amene anapanga mathanki aakulu ndi injini zosamwa mafuta ambiri, koposa kwa iwo amene anaonjezera liwiro.

Komabe maola 24 sanali odandaulitsa m'masiku amenewo, pakuti sitima ya pamadzi inkatenga pafupifupi milungu iwiri kuchokera ku Southampton kufika ku Cape Town, ndipo munthu ankayenera kukweranso sitima ya pamtunda kuti akafike ku Joni.

Chenjezo limodzi kwa wowerenga tikiti: nthawi yonyamuka ndi yofika zimalembedwa monga mwa mawotchi a mzinda uliwonse. Johannesburg, monga ife kuno, ili patsogolo pa London ndi maola awiri m'mwezi wa January, koma ndi ola limodzi lokha mu July, chifukwa Angerezi amasuntha mawotchi awo m'nyengo yawo yotentha. Ndege yonyamuka 7 koloko madzulo mu January idzatera 8 koloko m'mawa, ngakhale yauluka maola 11 okha.