Chingerezi chinatsala pa bolodi ku Domasi

Lolemba pa 12 Okutobala 2020, ana a Sitandade 1 mpaka 7 anabwerera kusukulu, kutsatira akuluakulu awo a Sitandade 8 ndi Fomu 4 omwe anayamba pa 7 Sepitembala. Za ndowa zosambira m'manja, mamasiki ndi kugawa ana m'magulu tinazimva mokwanira. Chomwe sichinkakambidwa kwenikweni chinali chakuti mphunzitsi akaima kutsogolo tsiku loyamba, ayambire pati ndi mwana amene wakhala pakhomo kuchokera pa 23 Malichi, pomwe sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Funsoli linkazunguza aphunzitsi onse, koma a Chingerezi ndiwo linawagwira pakhosi.

Masamu mwana amakumana nawo pamsika, zaulimi amazipeza kudimba, Chichewa ndiye chili paliponse. Chingerezi cha mwana wa kumudzi chimakhala m'kalasi basi, ndipo kalasi ikatsekedwa nachonso chimatsekeredwa momwemo.

Ku Domasi Mission, m'chigwa cha pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, sukulu si yachilendo. Amishoni ochokera ku Scotland anakhazikika kuno mu 1884. Kumunsi, cha ku msewu wopita ku Liwonde, kuli koleji ya aphunzitsi komanso malo amene amakonza silabasi ya sukulu za dziko lonse. Komabe ana ambiri a m'midzi yozungulira amadzuka ndi Chiyao. Chichewa n'chachiwiri, Chingerezi n'chachitatu.

Pasukulu ina ya pulayimale m'chigwachi, mayi wina wophunzitsa Sitandade 5 anapeza deti ya Lachisanu pa 20 Malichi idakali pakona ya bolodi, choko chitachita kumatirira. Matchati omwe anapachika kukhoma chiswe chinali chitadya m'mphepete. Ana atalowa, anaimirira n'kupereka moni wa masiku onse mwa nyimbo, "Good morning, madam," bwinobwino ndithu. Atawafunsa m'Chingerezi kuti anatani pa nthawi yotsekera, kalasi yonse inangoti zii. Ena anayang'ana pansi, ena kudenga, wina n'kuyamba kutafuna chingwe cha masiki.

Madamuwo sanadabwe. Kunyumba anali atakonzekera kale, koma osati ndi buku. Anabwera ndi lichero lovundikira ndi chitenje. M'menemo munali mango awiri osapsa, kachidutswa ka sopo, tomato, kapaketi ka mchere, machesi, ndi timapepala tomwe anadula n'kulembapo K50, K100 ndi K200. Anaika licherolo patebulo n'kufunsa, m'Chichewa, kuti ndani wagulitsapo kanthu chitsekereni sukulu. Manja anakwera pafupifupi theka la kalasi.

Anaitana mtsikana wina wamtali kuposa anzake, yemwe akuti miyezi yonseyi amathandiza amayi ake kugulitsa zitumbuwa pa Songani. Anamuika kuseri kwa tebulo. Wogula anali mnyamata wamng'ono wa miyendo yotuwa, yemwe anzake amamuseka kuti anatha nyengo yonse akuingitsa mbalame m'minda ya mpunga kumunsi cha ku nyanja ya Chilwa. Madamu analemba pa bolodi mawu awiri okha, "How much?", n'kubwerera kukhomo.

Mnyamata uja anafunsa monong'ona. Mtsikanayo sanaganize n'komwe. Anatchula mtengo m'Chingerezi, analandira kapepala ka K200, anawerengera chenji mokweza, n'kuonjezapo tomato mmodzi wa basela. Kalasi inaphulika ndi phwete. Amene anatsatira anayamba kunenerera, wina mpaka kudandaula kuti mango ngosapsa, theka m'Chiyao theka m'Chingerezi chothyokathyoka. Madamu sanamudule. Anangotola chiganizo chake, n'kuchiwongola, n'kuuza kalasi yonse ibwereze. Belu lisanalire, pa bolodi panali ziganizo zingapo za zomwe anawo anagula ndi kugulitsa, zonse zonena zinthu zakale, zomwe ndi zimene amafuna kuphunzitsa kuyambira pachiyambi.

Iwo akuti anazindikira kuti Chingerezi chokha chomwe sichinafe m'midzi ndi cha ndalama. Ngakhale agogo osapita kusukulu amawerenga makwacha m'Chingerezi. Ndiye anati ayambire pomwepo.

Masiki nayo inali ndi zake. Mwana amaphunzira katchulidwe poyang'ana milomo ndi lilime la mphunzitsi, ndipo nthawi imeneyo zonsezo zinali kuseri kwa nsalu. Madamuwa akafika pa liwu lovuta ankapita kukaima pakhomo penipeni, patali ndi ana a kutsogolo, n'kutsitsa masiki kamphindi kuti aone pomwe lilime likugunda.

Koma si onse pasukulupo amene ankasangalala ndi lichero. Ahedi, bambo odekha omwe aphunzitsa zaka zambiri, ankati masewera otere ngabwino nthawi ikakhalapo, ndipo chaka chimenecho panalibe. Teremu imeneyo inkatha mu Disembala, chaka chatsopano cha sukulu chinkayamba mu Januwale, ndipo chifukwa chogawa ana m'magulu, gulu lililonse linkaonana ndi mphunzitsi nthawi yochepa kuposa kale. Sikimu inaimira pakati pa teremu yachiwiri. Iwo ankafuna mphunzitsi atsegule buku pomwe anasiyira, athamange, kuti ana akamalowa Sitandade 6 akhale ataona mitu yonse, ngakhale mwapatalipatali. Mlangizi wa m'zoni akabwera, ankatero, adzafunsa sikimu ndi makope, sadzafunsa za mango.

Chomwe chinkawawawa kwambiri chinali chilankhulo. Kwa iwo, phunziro la Chingerezi liyenera kukhala la Chingerezi chokhachokha kuyambira moni mpaka belu. Mwana wakhala miyezi pafupifupi 7 akumva Chiyao ndi Chichewa. Nanga mphindi zochepa zomwe ali nazo azimveranso zomwezo? Amakumbutsanso kuti boma linalengeza mu 2014 kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa kuyambira Sitandade 1, ngakhale aliyense akudziwa kuti m'makalasi aang'ono ambiri Chichewa ndicho chikulamulabe. Ndipo kumapeto kwa ulendo, mwana wolephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi, kaya maphunziro enawo wakhoza motani.

Madamu aja sankatsutsa masamu a ahedi. Ankangoti Sitandade 5 ndi kalasi yomwe maphunziro ena onse, kupatula Chichewa, amasanduka a m'Chingerezi, kotero mwana amene lilime lauma pa Chingerezi walepheranso sayansi ndi zina zonse. Kutsegula buku pa tsamba la mu Malichi n'kumawerengera ana omwe sangathe kuyankha funso la mawu anayi, iwo akuti n'kudzaza sikimu chabe. Anawo adzakopera notsi zokongola, mlangizi adzasaina, koma m'mutu mulibe kanthu. Chichewa ndi Chiyao ankazigwiritsa ntchito kuti ana atsegule pakamwa, ndipo ankati sabata yachiwiri ayamba kuzichepetsa.

Aphunzitsi ena anagawanika. Wina wachinyamata ankati ana a m'mabanja okhala ndi wailesi, omwe amatsatira maphunziro a pa wailesi nthawi yotsekera, akutopa ndi zobwereza ndipo akuyamba phokoso. Mnzake ankayankha kuti ana oterowo ngowerengeka: m'nyumba zambiri wailesi imapita kudimba ndi bambo, kapena mabatire anatha kalekale.

Kwa amene wakhala kumbuyo kwa kalasi ija n'kumva bata la funso loyamba, n'kovuta kukhulupirira kuti kuthamanga ndi buku kungathandize anawo. Komanso nkhawa ya ahedi si yongopeka. Sabata imodzi ya lichero itha kusanduka mwezi, ndipo si mphunzitsi aliyense amene amadziwa nthawi yolichotsa patebulo. Pofika Lachisanu awiriwa anali asanagwirizane. Madamu analemba m'sikimu mutu wa m'buku monga mwa lamulo, koma licherolo linali likadali pansi pa tebulo lawo.

M'kaundula munali mayina omwe sanayankhidwe sabata yonse, ambiri a atsikana, ndipo aphunzitsi ankati ayamba kuyenda m'midzi kukafunsa. Amene anabwera nawo anali atasintha. Mayunifomu omwe anali okwana mu Malichi tsopano ankalekeza pamwamba pa mawondo, malaya sankamangika mabatani, ndipo atelala a pa Songani, omwe miyezi ya m'mbuyomo ankasoka mamasiki a chitenje okhaokha, sabata imeneyo anali kalikiliki kumasula mipendero.