Mwana wa ku Yunivesite Akabwera Kumudzi Atasintha

Mwana akasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede, mudzi wonse umakondwera. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo tsopano aliponso masukulu ena a boma otere ku Mzuzu, ku Bunda, ku Blantyre ndi ku Thyolo. Komabe malo ndi ochepa, owafuna ndi ochuluka. Nchifukwa chake makolo amalolera kugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mwana asataye mwayi. Chimene ambiri sachiganizira nchakuti mwanayo angathe kudwala matenda a maganizo ali kusukuluko, monga momwe angadwalire malungo.

Kodi vutoli limachokera kuti?

Akatswiri a zaumoyo adapeza kuti matenda ambiri a maganizo amayamba munthu asanakwanitse zaka 25. Umenewu ndiwo msinkhu wa ophunzira ambiri a ku yunivesite, ndipo katundu amene amasenza ndi wolemera. Ngongole ya boma yolipirira maphunziro sifikira onse oifuna. Malo ogona pasukulu sakwanira, kotero kuti ambiri amachita lendi m'makomboni, monga ku Chikanda ku Zomba, ndipo ndalama zikatha ena amadya kamodzi patsiku. Mwana amene ankakhala woyamba ku sekondale amapezeka pakati pa anzake anzeru ngati iye, ndipo akalephera mayeso mobwerezabwereza angathe kuchotsedwa.

Choposa zonse ndi mantha okhumudwitsa makolo. Mwanayo amadziwa kuti abale onse akuyang'ana kwa iye, choncho amabisa mavuto ake. Anyamata amabisa koposa, poti adakula akumva kuti mwamuna salira. Ena pofuna kuiwala amayamba mowa, chamba kapena juga ya pafoni. Zimenezi zimangokulitsa vuto, ndipo chamba chingathe kusokoneza mutu wa wachinyamata.

Zizindikiro zoyenera kuziona

Nthawi ya tchuthi ndiyo mpata wabwino woti makolo amuonetsetse mwana wao. Zizindikiro zazikulu ndi izi:

1. Kudzitsekera m'nyumba ndi kupewa anzake amene ankacheza nawo kale.
2. Kusowa tulo, kapena kugona tsiku lonse.
3. Kusafuna chakudya ndi kuonda popanda matenda ooneka.
4. Kupsa mtima msanga, kulira, kapena kudandaula mutu ndi kugunda kwa mtima nthawi zonse.
5. Kukana kubwerera kusukulu osanena chifukwa.
6. Kunena mawu otaya mtima, monga akuti iye ndi wachabechabe kapena kuti kuli bwino kufa.

Munthu aliyense amakhumudwa masiku ena. Koma chisoni ndi kusakondwa ndi kanthu kalikonse zikapitirira milungu 2 tsiku ndi tsiku, amenewo ndi matenda ofunika chithandizo. Mwana akayamba kumva mawu a anthu osaoneka, kulankhula zosagwirizana kapena kukayikira aliyense kuti akufuna kumupha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kumudzi zotere zikachitika, ena amati mwana walodzedwa ndi achibale ansanje, ena amati mabuku amuzunguza mutu. Zonsezi si zoona. Kuwerenga sikudwalitsa misala, ndipo kulozana zala kumangodanitsa abale pamene wodwala akuchedwa kulandira mankhwala.

Zimene makolo ayenera kuchita

Choyamba ndi kumumvetsera. Kholo likhale naye pansi pamalo oduka mphepo, limufunse mofatsa, ndipo lisathamangire kumukumbutsa za mbuzi zimene zidagulitsidwa. Ngati akuopa bambo kapena mayi ake, malume, azakhali kapena agogo angathe kulankhula naye. Mwana ayenera kumva kuchokera pakamwa pa makolo ake kuti moyo wake ndi woposa digiri.

Chachiwiri, mawu onena za kufa asatengedwe ngati nthabwala. Bungwe la World Health Organization limanena kuti kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri anthu a zaka 15 mpaka 29. Kumufunsa mwana mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizo amenewo, koma kumamutsegulira mpata woti alankhule. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe atsekeredwe kutali, ndipo aperekezedwe kuchipatala mosazengereza.

Chachitatu ndi chithandizo cha kuchipatala. Poyambira ndi pachipatala chaching'ono chapafupi, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Kumeneko amatumiza wodwala ku chipatala cha boma cha m'bomalo, kumene kuli anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Matenda akakula, chilipo chipatala cha Zomba Mental, ndiponso cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Si onse amagonekedwa. Ambiri amathandizidwa ndi uphungu, ena ndi mankhwala omwera kunyumba. Mankhwala a matenda okhumudwa amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira ntchito, choncho asasiyidwe popanda kufunsa adokotala. Mapemphero saletsedwa, koma asalowe m'malo mwa chipatala.

Pobwerera kusukulu

Matendawa amachizika, ndipo ophunzira ambiri amapitiriza maphunziro ao atachira. Wophunzira wodwala angathe kupita ndi kalata ya adokotala ku ofesi yoona za ophunzira kukapempha kuti apume kaye. Kuchedwa chaka chimodzi nkwabwino kusiyana ndi kutaya mwana. Akabwerera, makolo aziimba foni kawirikawiri, ndipo pofunsa za mayeso azifunsanso ngati akudya, akugona bwino, ndiponso ngati ali ndi mnzake womukhulupirira. Mutu umodzi susenza denga. Banja limene lidathandizana kumutumiza kusukulu lithandizanenso kumusamala mpaka atamaliza.