Zimene anthu amakamba pa za mafoni: zoona ndi ziti, mphekesera ndi ziti?

Pa Katondo Street ndi ku Town Centre mu mzinda wa Lusaka, pa msika wa Kapata ku Chipata ndiponso pa Chisokone ku Kitwe, malonda a lamya za m'manja amayendera mau a pakamwa. Wogula asanatulutse ndalama amakhala atamva kale kwa anzake kuti foni yakuti ili ndi batire lokhalitsa, yakuti ndi gong'a, ndipo kampani yakuti imadya bandulo usiku anthu ali m'tulo.

Maganizo otere ali ndi mphamvu cifukwa foni ndi katundu wodula kwa banja wamba. Masiku ano m'foni ndimo muli ndalama za mobile money, manambala a makasitomala ndi mauthenga ocokera kusukulu ya ana. Zambiri zimene anthu amakamba zimacokera pa zimene anaonadi ndi maso ao. Cimene cimaphonyeka kawirikawiri ndi gwero la vutolo, ndipo munthu akaphonya gwero amataya ndalama kawiri.

Mau amene amamveka kwambiri ndi akuti foni ya ku China sikhalitsa. Koma mafoni ambiri a iPhone, amene anthu amawaona ngati apamwamba, amalumikizidwa ku China komweko, makamaka m'mafakitale a kampani ya Foxconn mu mzinda wa Zhengzhou. Nayo mitundu ya Tecno, itel ndi Infinix, imene yadzaza m'misika yathu, ndi ya kampani imodzi ya Transsion, imene likulu lake lili ku Shenzhen.

Kampani ya Transsion inakula poyang'ana zosowa za ogula a mu Africa. Inapanga mafoni olowa makhadi a SIM awiri, okhala ndi mabatire akuluakulu, ndi makamera okonzedwa kuti azijambula bwino anthu a khungu lakuda, zonsezi pa mtengo wotsika. Pofika caka ca 2017 inali itaposa Samsung pa ciwerengero ca mafoni ogulitsidwa mu Africa.

Conco vuto limene anthu amadandaula nalo nthawi zambiri ndi la foni yacinyengo, yolembedwa dzina la kampani yochuka pamene zam'kati ndi zina. Foni iliyonse yeniyeni ili ndi nambala yakeyake ya IMEI ya manambala 15. Wogula akadina *#06# nambalayo imaoneka pagalasi, ndipo iyenera kufanana ndi imene ili pabokosi. Zikasiyana, ndi bwino kubweza foniyo pomwepo. Ngakhale zitafanana, wogula ayenerabe kupempha lisiti ndi cikalata ca waranti, popeza akathyali ena amakopera ndi nambala yomwe.

Bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2009, ndilo limavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana zololedwa m'dziko muno. Munthu amene wagulitsidwa katundu wacinyengo angakadandaulenso ku bungwe la CCPC, loteteza ogula. Koma wopanda lisiti amavutika kusonyeza kumene anagula.

Nkhani ina imene sikutha m'makambirano ndi ya batire. Acikulire amakumbukira Nokia 3310 ya caka ca 2000 ndi Nokia 1100 ya caka ca 2003, ija ya tochi pamutu, imene inali kutha masiku angapo osachaja. Iwo amati mafoni a masiku ano ndi ofooka.

Kunena zoona, batire la Nokia 3310 linali la mphamvu pafupifupi 900 mAh, pamene mafoni ambiri a lero ali ndi 5,000 mAh. Kusiyana kuli pa nchito. Foni yakale inali ndi kagalasi kakang'ono ndipo inali ya kuimba ndi kutumiza mauthenga cabe. Ya lero ili ndi galasi lalikulu lowala, imaonetsa mavidiyo, ndipo imalankhulana ndi intaneti ngakhale ili m'thumba. Kumene netiweki ndi yofooka batire limatha msanga koposa, cifukwa foni imagwiritsa nchito mphamvu zambiri pofunafuna nsanja.

Nkhaniyi inakula kwambiri m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba. Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza cilalaco kukhala tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, ndipo m'madera ambiri malaiti anali kuzima maola oposa 12 pa tsiku. M'nyengo yotere, kukula kwa batire kumakhala kofunika kwa wogula kuposa kukongola kwa kamera.

Pali langizo lakale limene likali kufala, lakuti batire lizitheratu lisanachajidwe. Langizoli linali loyenera mabatire akale a nickel. Mabatire a lithium a m'mafoni a lero amaonongeka msanga akamatheratu kawirikawiri, ndipo mdani wao wamkulu ndi kutentha. Kusiya foni padzuwa, kuichaja ili pansi pa pilo, kapena kugwiritsa nchito chaja yochipa yosadziwika kumene inacokera, ndizo zimafupikitsa moyo wa batire.

Ena amakhulupirira kuti makampani amacedwetsa dala mafoni akale kuti anthu agule atsopano. Apa mphekesera ili ndi maziko. Mu December 2017 kampani ya Apple inavomera kuti inali kucepetsa liwiro la ma iPhone ena amene mabatire ao anakalamba, ponena kuti colinga cinali cakuti asamazime mwadzidzidzi. Mu 2020 boma la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni cifukwa cosauza ogula. Mu 2018 dziko la Italy linali litalipiritsa kale Apple mayuro 10 miliyoni ndi Samsung mayuro 5 miliyoni pa nkhani ya mapulogalamu atsopano amene anafooketsa mafoni akale.

Komabe, foni yochipa ikayamba kucedwa patapita caka cimodzi kapena ziwiri, cifukwa cake kawirikawiri cimakhala capafupi. Zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amadzaza malo osungira, ndipo mapulogalamu amakula caka ndi caka pamene mphamvu ya foni ili cimodzimodzi. Kufufuta zosafunika, ndi kuika mapulogalamu opepuka monga Facebook Lite, imene inatuluka mu 2015, kumathandiza foni yotere kugwiranso nchito popanda kugula ina.

Dandaulo lakuti bandulo yatha mwiniwake asanaigwiritse nchito limamveka pa makampani onse a lamya. Foni ya masiku ano imadya data ngakhale palibe woigwira. Imakonzanso mapulogalamu ake, imatsitsa yokha zithunzi ndi mavidiyo otumizidwa m'magulu, ndipo imatumiza zithunzi za mwiniwake kukasungidwa pa intaneti. Mavidiyo ndiwo amadya kwambiri. Ola limodzi loonerera YouTube kapena TikTok lingathe mamegabaiti mazana angapo, pamene mauthenga olemba a tsiku lonse amadya ocepa kwambiri.

Foni iliyonse ili ndi malo m'makonzedwe ake osonyeza data imene pulogalamu iliyonse yadya. Munthu akayang'ana pamenepo amadziwa wakuba weniweni, ndipo angathe kuletsa kutsitsa zinthu popanda cilolezo. Ngati ciwerengero ca m'foni cikusiyana kwambiri ndi ca kampani, ndiye kuti ali ndi umboni wokadandaulira ku kampaniyo, ndipo akapanda kuthandizidwa angapite ku ZICTA.

Mkangano wakuti netiweki yabwino ndi iti ndi wakale ngati makampaniwo. Kampani ya Telecel inakhala MTN mu 2005. Celtel inasintha kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010, ndipo Zamtel inabwerera m'manja mwa boma mu 2012. Maina asintha, koma cimene cimalamula mphamvu ya netiweki ndi mtunda wa pakati pa foni ndi nsanja, mapiri kapena makoma otsekereza, ndi kuculuka kwa anthu ogwiritsa nchito nsanja imodzi. N'cifukwa cake munthu wa ku Matero ndi wa ku Lundazi angatsutsane pa za kampani imodzi, onse awiri akunena zoona. Wofuna kusankha ayenera kufunsa anansi a kumene amakhala ndi kumene amagwira nchito.

Palinso mantha akuti WhatsApp ndi Facebook zimawerenga zinsinsi za anthu. Kampani ya Facebook inagula WhatsApp mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni, ndipo mu 2021 inasintha dzina lake kukhala Meta. Kuyambira mu 2016 mauthenga a pa WhatsApp amamangidwa mwa njira yakuti wotumiza ndi wolandira okha ndiwo angawawerenge.

Izi sizitanthauza kuti kampaniyo sidziwa kanthu. Meta imapeza ndalama zake zambiri pa kutsatsa malonda, ndipo pa Facebook imasonkhanitsa zimene munthu amakonda, zimene amafufuza ndi dera limene ali. Ndico cifukwa cake munthu amene anayang'ana nsapato dzulo amaona malonda a nsapato lero. Amene ali ndi nkhawa angalowe m'makonzedwe a foni ndi kuletsa pulogalamu iliyonse kugwiritsa nchito maikolofoni, kamera kapena malo amene iye ali. Dziko la Zambia lilinso ndi lamulo la caka ca 2021 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta.

Ngozi imene imagwetsa anthu ambiri ili pafupi kwambiri kuposa makampani a kutsidya kwa nyanja. Ndi uthenga wa munthu wosadziwika wonena kuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, kapena woimba lamya wodzicha wa ku kampani amene akupempha PIN ya mobile money kapena manambala 6 amene WhatsApp yatumiza. Wopereka manambala amenewa wapereka makiyi a nyumba yake. Palibe wanchito weniweni wa kampani ya lamya kapena wa banki amene ayenera kupempha PIN ya kasitomala.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo wogula amene amafunsa anzake asanagule foni amacita bwino. Cofunika ndi kuonjezera funso laciwiri. Mnzanu akati foni yakuti ndi yoipa, mufunseni kumene anaigula, ngati anapatsidwa lisiti, chaja imene amagwiritsa nchito ndi dera limene amakhala. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzasonyeza ngati vuto lake lingakhalenso lanu.