Mbewa Zokhala ndi Chitetezo cha Munthu pa Kafukufuku wa Edzi

Kachirombo ka HIV sikaswana m'thupi la mbewa wamba. Sikatha kulowa m'maselo ake, ndipo ngakhale katalowetsedwa, kamasowa mapuloteni a munthu amene kamadalira pochulukana. Limeneli linali vuto lalikulu kwa ofufuza, pakuti mankhwala atsopano amayamba ayesedwa pa nyama asanaperekedwe kwa anthu.

Njira inatseguka mu 1983 pamene akatswiri a ku Philadelphia, m'dziko la America, analengeza za mbewa zobadwa zopanda chitetezo cha m'thupi. Mbewa zotere sizikana maselo achilendo. Choncho mu 1988, Joseph McCune ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford anaziika maselo ndi tizigawo ta ziwalo za munthu, ndipo kachiromboka kanayamba kuswana m'menemo.

Phindu lake linaoneka. Mu 2008, kafukufuku wa pa mbewa zoterezi anasonyeza kuti mankhwala a tenofovir ndi emtricitabine, akaperekedwa kachirombo kasanalowe, amateteza thupi. Lero anthu ambiri amamwa mankhwala omwewa podziteteza. Mu 2019, ofufuza a ku mayunivesite a Temple ndi Nebraska anathetseratu kachiromboka mwa zina za mbewa zawo pokadula m'majini.

Komabe mbewa si munthu. Imakhala ndi moyo zaka zochepa, ndipo chitetezo choikidwacho n'chosakwanira. Zimene zatheka pa mbewa ziyenera kutsimikizidwa pa anthu, choncho amene ali pa ma ARV asasiye kumwa mankhwala awo.