Mayi Woyankhula ndi Khoma

Pamene Willy Russell analemba sewero la Shirley Valentine, limene linaonetsedwa koyamba ku Everyman Theatre mumzinda wa Liverpool m'chaka cha 1986, iye anaika mayi mmodzi yekha pabwalo, wa zaka 42, akukazinga mbatatesi ndi mazira m'khitchini, ndipo popeza ana adakula nachoka, mwamunanso amangofika kudzadya, mayiyo amakambirana ndi khoma. Apa ndipo pagona nzeru ya mlembi, pakuti kuseri kwa khomalo kwakhala ife oonerera. Tikumva zakukhosi zimene Joe, mwamuna wake, sanazimvepo, ndipo amene wakuululira chinsinsi n'kovuta kumuweruza.

Russell sapempha misozi yathu. Shirley ngwanthabwala, amatsanzira mawu a mwamuna wake, a mphunzitsi wamkulu amene adamunyoza ali mtsikana, ndi a anansi, kotero kuti timayamba taseka, chisoni n'kutilowa pambuyo tisanakonzeke. Ngakhale mlandu wa tsikulo ngwaung'ono: nyama imene amadya Lachinayi Shirley waipatsa galu, ndipo Joe, poona mazira, akankha mbale mwaukali. Mlembi wosakhwima akadamusandutsa chilombo mwamunayo, koma Russell amuonetsa ngati munthu wotopa, amene nayenso kale ankaseka.

Tsono Jane, mnzake wa Shirley, akamugulira tikiti ya ku Greece, ife tavomera kale kuti anyamuke, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pauline Collins, atasewera mbali ya Shirley ku New York, analandira mphoto ya Tony mu 1989.