KUPWETEKA KWA M'MIMBA: KUPIMITSA KUYAMBE, MANKHWALA ATSATIRE

M'midzi yambiri ya ku Cigawo ca Kum'mawa muli anthu amene atha miyezi, ena zaka, akudandaula m'mimba. Akadya nsima pang'ono mimba imafufuma, usiku m'mimba mumapota, ndipo m'mawa khasu limalemera. Kawiri-kawiri munthu wotere amayamba ndi mapilisi a pa kantemba, kenaka soda, kenaka mizu ndi mphini. Zonsezi zikalephera, pabanja pamayamba manong'onong'o akuti wodwalayo anadyetsedwa. Mbuzi zimagulitsidwa, abale amadana, koma matenda ali cikhalire.

Anchito a zaumoyo amaphunzitsa kuti kupweteka kwa m'mimba ndi cizindikiro cabe. Matenda osiyana-siyana amamveka cimodzi-modzi, koma alionse ali ndi mankhwala ake. Cotero nchito yoyamba ndiyo kupeza cimene cikupweteka munthuyo.

Coyamba cimene a cipatala amafufuza ndi njoka za m'mimba. Zina zimafanana ndi nyongolotsi, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira pafupi-fupi 200,000 pa tsiku. Mazirawo amalowa m'kamwa ndi manja osasamba kapena zakudya zosatsuka. Zina zimaboola khungu la kumapazi kwa munthu woyenda wopanda nsapato pamene ena anadzithandizapo, nkumayamwa magazi m'matumbo. Palinso njoka yaitali mamita 2 kapena kuposa, yocokera ku nyama ya nkhumba yosapsa bwino, imene ili ndi timibulu toyera tonga mpunga. Mazira a njoka imeneyi munthu akawameza angathe kumdwalitsa khunyu.

Caciwiri ndi likodzo. Anthu ambiri amadziwa likodzo la kukodza magazi, koma lilipo lina la m'matumbo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madamu ndi m'mitsinje yoyenda pang'ono-pang'ono, ndipo timalowa pakhungu pamene munthu akusamba, kucapa kapena kuwedza nsomba. Mazira ake amaononga ciwindi mwakacetecete. Patapita zaka kapamba amatupa, mimba imadzala madzi, ndipo ena amasanza magazi. Dzina lakuti bilharzia linacokera kwa dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, amene anaona tizilomboti ku Cairo mu 1851.

Cacitatu ndi zilonda za m'mimba, zimene zimaocha pansi pa cifuwa. Kale anthu ankakhulupirira kuti zimayamba cifukwa ca nkhawa ndi tsabola. Koma mu 1982 madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kacilombo ka Helicobacter pylori kamene kamayambitsa zilonda zambiri. Mu 1984 Marshall anamwa dala tizilomboto nadwala, kuti anzake akhulupirire, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Zilonda zina zimabwera ndi mapilisi oletsa ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac. Motero munthu amene amawamwa tsiku ndi tsiku kuti m'mimba muleke kupweteka angakhale akukulitsa cilondaco. Kacasu ndi fodya zimaonjezera bvutoli.

Kodi a cipatala amasiyanitsa bwanji matendawa? Amayamba ndi mafunso: ululu unayamba liti, uli mbali iti, umakula munthu akadya kapena akakhala ndi njala, madzi akumwa amatunga kuti. Wodwala ayenera kuyankha moona, ndi kuulula mankhwala onse amene wamwa, ngakhale a kwa sing'anga. Kenaka amamgwira pamimba, namtumiza kukapimitsa cimbudzi, mkodzo ndi magazi.

Apa ndi pamene ambiri amabwerera, cifukwa ca manyazi opereka cimbudzi m'kabotolo. Koma kacimbudzi kocepako ndiko kamaulula cinsinsi. Pa makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, mazira a njoka iliyonse ndi a likodzo amaoneka ndi maonekedwe ake-ake. Mazirawo satuluka tsiku lililonse, ndiye cifukwa cake munthu angauzidwe kubweranso kawiri kapena katatu. Kubwezedwa kotere si kunyozedwa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Cifukwa cikapezeka, mankhwala amalunjika. Njoka zambiri zimafa ndi albendazole kapena mebendazole. Likodzo limamva praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena msinkhu wa munthu, atadya kaye. Kacilombo ka zilonda kamafuna mitundu ingapo ya mankhwala pamodzi kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo wolekezera panjira sacira. Kiliniki ikalephera kupeza cifukwa, imalemba kalata yopita ku cipatala cacikulu monga St Francis ku Katete kapena Chipata Central. Ku UTH ku Lusaka madokotala amathanso kuyang'ana m'kati mwa mimba ndi kapaipi ka kamera kolowera pakamwa.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira kuti kuce: kusanza magazi, cimbudzi cakuda bii ngati makala, mimba youma gwa ngati thabwa, ndi ululu waukulu m'munsi mwa mimba kudzanja lamanja pamodzi ndi kutentha thupi. Mai amene wadumpha mwezi namva kubaya kwakukulu m'munsi athamangire naye ku cipatala, pakuti mimba ingakhale itakhala panja pa cibaliro. Naye munthu woonda popanda cifukwa kapena wolephera kumeza asazengereze.

Mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ali ndi udindo pa nkhaniyi. Pamene m'mudzi mwayamba kulozana zala cifukwa ca wodwala m'mimba, funso loyamba pabwalo likhale lakuti: kodi munthuyu anapimidwa? Cimbudzi pakhomo lililonse, nkhumba m'khola, madzi owiritsa ndi kusamba m'manja ndi sopo zimatseka njira za matenda ambiri. Koma amene wadwala kale apite ku kiliniki, apereke kabotolo kake, ndipo abwererenso kukamva zotsatira.